Tsache la pa Bandera

Zimitsa telefoniyo, Lusiya. Munthu amene akufuula m'menemo anadutsa kale pano dzulo pa mota, njinga yamoto ija, analonjeza mlatho, ndipo ndamva. Mlatho womwewo ndinaumvanso kwa ena iye asanamere mano. Ndi mlatho wabwino, madzi sanaukokolepo, chifukwa sunamangidwe. Khalani pansi ana inu, manja azigwira ntchito, mtedzawu sudziswa wokha.

Iwe Jowakimu, ndamva zimene wauza mlongo wako. Wati mkuja suvota, dziko lino silinakupatse kanthu, ndipo ukangopeza golide wokwanira ku maenje a ku Fingowe uwoloka kupita ku Zambia, poti ndi kumene atate ako anabadwira. Sindikukaniza, miyendo ndi yako. Koma popeza watchula kumene anabadwira, uyenera kudziwa kuti tsiku lina anthu anaima pabwalo la shikola, sukulu yanu ija, kufuna kuwabweza komweko. Panangotsala pang'ono kuti nonsenu mubadwire kwa eni, ine ndikhale agogo a kutsidya amene simunawaonepo. Atate anuwo ndiwatchula dzina, Zakeyo, chifukwa ndi mwana wanga, inu musayerekeze.

Pamene ndinali msinkhu wanu, palibe ankatifunsa kuti ndife a dziko liti. Munthu ankafunsidwa mfunda wake ndi mudzi wa amayi ake, basi. Ine ndinali Tembo ndipo zinkandikwanira. Boma la Apwitikizi tinkalidziwira pa msonkho, pa masupayi, apolisi awo, obwera kudzagwira anthu a chibalo, ndi pa mbalamatodya, kathabwa kobowolabowola kamene ankamenyera m'manja mpaka munthu kulephera kugwira khasu. Bandera yawo inali ku posito, ofesi ya boma, ndipo lamulo linali loti podutsa uzivula chipewa. Ine chipewa ndinalibe, choncho pa nkhani imeneyo boma silinandipezepo chifukwa.

Kuno ku Chipera ndinabwera ngati mkamwini, kudzakwatira agogo anu aakazi, Nambewe. Inu munawadziwa atakalamba, tsache lili m'manja. Ine ndinawadziwa ali mkazi wamfupi, woyenda mofulumira, wosabwereza mawu. Akati chakuti chikhale apa, chinkakhala pamenepo, ngakhale chinthucho ndikhale ine. Ana athu awiri oyamba tinawaika m'manda asanayambe kuyenda, ndipo kuyambira pamenepo mawu awo anacheperachepera.

Kenako kunabwera nkhondo yofuna ufulu. Anyamata a m'tchire ankafika kudzapempha ufa, n'kumatiuza kuti tonse, kuyambira kuno mpaka kunyanja yamchere imene sindinaionepo mpaka lero, ndife anthu amodzi. Ine ndinkavomera, poti munthu wonyamula mfuti akamakuphunzitsa sutsutsa. Asilikali a Apwitikizi nawo anayamba kusonkhanitsa midzi m'mipanda ya waya kuti tisamadyetse a m'tchirewo. Amene wakana, nyumba yake ankaitentha. Tinathawa wapansi kulowera ku Zambia, Nambewe ali ndi pakati. Inu lero mukafuna kupita ku Fingowe mumadandaula kuti mota yachedwa. Ife tinanyamula mphasa, mphika umodzi, nkhwangwa ndi khasu lochotsa mpini, tikudya makaka a chinangwa ndi malambe, ndipo tinkayenda mopewa njira.

Titafika kutsidya tinapeza anthu olankhula ngati ife, a mifunda yathu yomwe. Amene anatipatsa malo omanga msasa anali Tembo mnzanga, tinkatchulana achimwene. Komabe mudzi wonse unkatitcha Apwitikizi. Tinathawa Apwitikizi, tinatupa mapazi, ndipo titafika tinauzidwa kuti Apwitikiziwo ndife. Sindinakangane nawo, kwa eni kulibe mkuwe.

Zakeyo anabadwira mumsasa umenewo. Mzamba anali gogo Naphiri wa m'mudzi mwathu muno, amene anathawa nafe pamodzi ndi mwana wake Bonifasiyo, mnyamata wa msinkhu wanga. Dzina la Bonifasiyo musunge, libweranso.

Inu munabadwira kuchipatala, ndiye ndikuuzeni mmene zinkakhalira. Mwana akabadwa ankakhala m'chikuta ndi amayi ake mpaka mchombo utagwa. Mwamuna sankalowamo. Mchombo ukagwa, amayi aakulu ankautenga n'kukaukwirira pakhomo, kaya padzala kaya pakhonde, pamalo poti sauza munthu. Pamene pakwiriridwa mchombo wako ndiye kwanu, ungayende chotani. Koma malowo ankabisa kwambiri, chifukwa ankati munthu woipa mtima akaufukula, mwanayo wamugwira m'manja. Ife amuna zimenezi tinkangozimvera patali ngati mvula ya kuphiri. Ine ndinangouzidwa kuti mwana watuluka, ndi wamwamuna, ndipo ndinapha nkhuku yobwereka.

M'masiku omwewo kachitini kanga ka fodya wa m'mphuno kanasowa. Ndinakaona patapita miyezi, katamangidwa pa kansalu m'chiuno mwa Nambewe. Tsiku lina akusamba kumtsinje anakasiya pamwamba pa nsalu zawo mumsasa. Fodya anali atandithera, mphuno ikuyabwa, ndipo ndinati mwina mwatsala kafumbi. Ndisanatsegule, dzanja langa linalandira khofi loti phaa! Anali atabwerera, madzi akuchucha m'mutu.

"A Tembo, m'menemo mulibe zanu."

"Kachitini n'kanga," ndinatero.

"Kachitini n'kanu. Za m'katimo si zanu."

Pa ukwati wathu wonse anandimenya kamodzi komweko. Mukuseka chiyani? Inu mwadziwa kale chimene chinali m'katimo. Ine zinanditengera mpaka mwanayo atamera ndevu. Ndinkayesa ndi mankhwala oti ndisayang'ane akazi a ku Zambia, ndipo ndinkaona kuti akugwira ntchito.

Ufulu utabwera tinabwerera, Zakeyo akutha kale kuthamangitsa nkhuku. Mudzi tinaupeza uli bwinja, mitengo itamera pamene panali nyumba. Tinalandiridwa ndi sekeretaliyo wa boma latsopano, mnyamata wochokera kutali, wakhama kwambiri. Anatiphunzitsa mawu awiri. Akatchula chinthu chabwino tizikweza chibakera n'kunena viva, akatchula choipa tizitsitsa n'kunena abasho. Vuto linali loti zinthuzo ankazitchula m'Chipwitikizi, ndiye tinkayang'ana dzanja lake kuti tidziwe ngati chinthucho tikuchikonda kapena ayi. Koma ndisaname, tsiku limene ndinadutsa pa posito osaona supayi, mtima wanga unapepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Ufulu unali weniweni, ana inu, musamvere amene amati sunasinthe kanthu.

Sekeretaliyo anatiuza kuti tisamange nyumba zolimba, chifukwa boma lidzatisamutsa n'kutiika tonse mu aldeya, mudzi wa boma, nyumba zili m'mizere ngati chimanga. Nambewe anamufunsa kuti aldeyayo idzakhala pati. Iye anati zidzadziwika. Anamufunsanso kuti dzala lathu lidzakhala pati. Mnyamatayo anaseka, anati amayi, dziko lonse ndi lanu tsopano, mukufunsa za dzala? Nambewe sanaseke.

Chinthu choyamba kumangidwa chinali malo a bandera, pabwalo pamene panadzakhala shikola. Ntchito yokumba dzenje inagwera ine, poti mkamwini ndiye amapatsidwa zoterezi. Ndinakumba mpaka m'chiuno. Dzuwa lili pamutu amuna tonse tinapita kuthengo kukasenza mlongoti wa tsanya umene tinadula, pabwalo n'kutsala akazi okhaokha. Titabwera tinauimika, tinatsira dothi n'kusinja ndi misi. Bandera ikukwera, ndinatembenuka n'kuona Nambewe misozi ili mbwee, munthu amene sindinamuonepo akulira pagulu. Sekeretaliyo anawaloza n'kunena kuti onani, kukonda dziko n'kumeneku. Tinanena viva. Madzulo ake anandibwezera kachitini kanga katatsukidwa bwino, anati ikanimo fodya wanu. Ndi aka, kakadali m'thumba mwanga.

Aldeya inabweradi, tinasamutsidwa, kenako tinasamutsidwanso. Kenako kunabwera nkhondo yachiwiri, ya pachibale. Imeneyo sindiikamba lero. Ndingoti a mbali iyi ankadya mbuzi zathu n'kutiuza kuti akutiteteza kwa a mbali iyo, a mbali iyo n'kudzadya zotsalazo pa chifukwa chomwecho. Mbuzi zitatha tinathawanso, ulendo uno ndi njinga, ine ndikuikankha, katundu ndiye atakwera. Kutsidya anatilandiranso, ndipo tsopano ankatitcha Amosambiki. Zakeyo anakulira kumeneko, analowa sukulu yawo, anaphunzira Chingerezi ndi ukalipentala. Chipwitikizi chimene anali nacho chinauluka chonse.

Mtendere utabwera tinabwereranso, ndipo kuno kwathu anatipatsa dzina latsopano, Azambia. Muwerenge nokha maina amene ndavala ine munthu mmodzi, malaya ali omwewo.

Bonifasiyo ulendo wachiwiriwu sanathawe. Anakhala, anagona m'mapanga, anaika abale ake m'manda osaya. Sindimunyoza pa zimenezo. Koma dimba la Nambewe la kumtsinje analilowa, anabzalamo nthochi ndi nzimbe, ndipo m'zaka za njala nthochizo zinadyetsa onse amene anatsala. Titafunsa za dimbalo anati ife tinali kudya nyemba za chithandizo kutsidya pamene iwo ankadya mizu. Anati ife awiri ndife okalamba, tidzafa, ndipo Zakeyo ndi Mzambia, Mzambia salandira dimba ku Mosambiki. Mawu amenewo anayenda m'mudzi. Zakeyo akadutsa, ana ankamuyankhula Chingerezi chabodza. Atsikana ankatenga mitsuko n'kusintha njira. 

Mlongoti wanga wa tsanya uja unali utatenthedwa pankhondo. Anthu anaimika wina m'dzenje lomwelo, chifukwa munthu wa kuno sakumba kawiri pamene pali kale dzenje.

Ndiye kunamveka zoti kukubwera chisankho, choyamba m'moyo wathu, ndipo aliyense alembetse kuti alandire kalatau, chiphaso chovotera. Inu kalatau mumaiyesa chinthu chopalira matope kunsapato. Kwa ife amene mapepala onse anapsa, kalatau imeneyo inali pakamwa pa boma ponena kuti uyu ndi wathu. M'mawa wa tsiku lolembetsa ndinapeza Zakeyo akumanga sowo ndi zipangizo zake zonse pa njinga.

"Ukupita kukalembetsa kapena kukakhoma denga?" ndinamufunsa.

"Ababa, akandikana sindibwereranso kunyumba kuno. Ndingopitirira. Kutsidya amanditcha mlendo, koma sanditcha mlendo pa manda a agogo anga."

Nambewe anali pamtondo. Munsi unaima pang'ono, kenako unapitiriza. Ameneyu anali mwana yekhayo amene anatitsalira, ndipo tonse tinkadziwa kuti akapita sitidzamuonanso. 

Olembetsa anaika tebulo pabwalo la shikola, pafupi ndi bandera. Wamkulu wawo anali mtsikana wa ku Tete, wolankhula Chinyungwe chosakaniza ndi chathu. Anali ndi makina ojambula amene ankalavula chithunzi pomwepo. Changa chinatuluka ndikuoneka ngati munthu amene wagwidwa ndi mbuzi ya eni, ndipo ndinavota nacho zaka zambiri. Ine ndi Nambewe tinalembedwa popanda vuto. Itafika nthawi ya Zakeyo, mtsikanayo anamufunsa dzina m'Chipwitikizi. Mwana wanga anaima njoo n'kuyankha kuti, "Yesi, madamu."

Bwalo lonse linaseka. Bonifasiyo anatuluka pamzere.

"Mwamva nokha, mayi. Uyu ndi Mzambia. Anabadwira kutsidya, ine ndinalipo, nkhuku ya tsikulo ndinadya nawo. Kalatau ndi ya ana a dziko lino. Lero mumupatsa kalatau, mawa afuna munda."

Mtsikanayo anandiyang'ana. "Ababa, n'zoona kuti anabadwira kutsidya?"

Ndinavomera. Kutchalitchi amatiletsa kunama, komanso mboni zinali zambiri. Mtsikanayo anati kubadwira kothawira si mlandu, koma popeza mnyamatayu alibe pepala lililonse, pafunika anthu a m'mudzi, osati makolo ake, anene kuti ndi mwana wa pano. Anafunsa kuti ndani aikire umboni. Anthu anayamba kuyang'ana zala za kumapazi. Ambiri anali atadya nthochi za Bonifasiyo pa nthawi imene nthochi inali moyo, ndipo sindiwaweruza. Mtsikanayo anafunsanso kachiwiri. Zakeyo anatembenuka n'kuyamba kuyenda kulunjika pa njinga yake.

"Zakeyo, ima pomwepo."

Anali Nambewe. Anadutsa pakati pa anthu, anafika pa mlongoti n'kuumenya ndi chikhatho.

"Mwana wanga ali apa. Mchombo wake uli pansi pa mtengo uno. Ku Zambia sindinakwirireko kanthu. Ndinausunga m'chitini mpaka tsiku limene amuna anga anakumba dzenje ili. Munkatiuza kuti tisamange, mudzatisamutsa, ndipo munatisamutsadi. Ine ndinaona kuti chinthu chokha chimene boma silisamutsa ndi bandera yake."

Akazi onse anagwira pakamwa. Chinthu chotere sichinenedwa ngakhale kwa mwamuna wako pamphasa, ndiye iwo anachinena pamaso pa mudzi wonse ndi alendo omwe. Ine ndinali nditangokoka fodya wa m'kachitini komweko. Ndinayetsemula.

Bonifasiyo anayesa kulimba. "Amenewo ndi mawu chabe. Anaona ndani?"

Panali mayi wina amene anabwera ndi khasu, poti amachokera kumunda. Nambewe analitenga n'kuliponya pamapazi a Bonifasiyo.

"Khasu ilo, a Bonifasiyo. Kumbani. Dzuwa lili pamutu, aliyense akuona. Zulani bandera ya boma, mufunefune mchombo wa mwana wa eni, tonse tione kuti mukuufunira chiyani."

Bonifasiyo analiyang'ana khasulo ngati ndi mphiri. Kuzula bandera pamaso pa anthu a boma kunali kudziitanira ndende. Kufukula mchombo wa mwana wa mnzako masanasana kunali kudzilengeza wekha kuti ndiwe mfiti. Anabweza manja kumbuyo.

Pamenepo gogo Naphiri, amayi ake enieni, amene anali atakhala pamthunzi chifukwa cha miyendo, anafunsa kuti kukuchitika chiyani. Makutu anali atawathera, ndiye wina anawafuulira nkhani yonse. Iwonso anayankha mofuula, monga amachitira ogontha.

"N'zoona zimenezo! Mwanayu ndinamulandira ndine. Tsiku loponya m'dzenjemo ine ndi amene ndinkayang'ana kunjira ngati amuna akubwera. Koma wako iwe Bonifasiyo unatoledwa ndi nkhuku ndisanaukwirire, ndipo nkhukuyo tinagulitsa kwa munthu wa ku Zambia. Ngati tikutsata michombo, Mzambia pano ndiwe!"

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Mtsikana uja anadikira kuti phokoso lithe n'kufunsanso za mboni. Manja a akazi anakwera onse, amuna n'kutsatira mmodzimmodzi, aliyense atayang'ana kaye mkazi wake. Zakeyo anajambulidwa. Pa chithunzicho maso ake ndi ofiira, iye amati linali dzuwa.

Mukuganiza kuti tinabwerera tikuvina? Ayi. Titafika Nambewe anapita kuseri kwa nkhokwe n'kulira kulira kumene sanalire ngakhale poika ana athu awiri aja. Ndinakhala pambali pawo.

"Ndamuika mwana wanga pamsika, a Tembo. Aliyense tsopano akudziwa pomupezera."

Ndinati ndife Akhristu, zimenezi tisaziope.

"Mfiti nazo zimapita kutchalitchi," anatero. "Zina zimaimba kwaya."

Madzulo omwewo anatenga tsache n'kupita kushikola. Anasesa kuzungulira mlongoti mpaka dothi litasalala, akuyenda chobwerera m'mbuyo kuti asasiye mapazi awo. M'mawa, ana a shikola asanafike, anapita kukayang'ana ngati papondedwa kapena pakandidwa. Anapeza mapazi a nkhuku okha. Madzulo anasesanso. Anachita zimenezo chilimwe ndi dzinja, odwala kapena ali bwino, mpaka tsitsi lonse litayera.

Tsono a boma sankadziwa chifukwa chake, ndipo m'mudzi palibe anawauza. Akulu a ku posito ankangoona mayi wokalamba akusesa pa bandera tsiku ndi tsiku popanda malipiro. Anayamba kuwaitana pa zikondwerero za dziko, kuwakhazika pa mpando wakutsogolo, n'kuuza ana a shikola kuti atengere chitsanzo. Nyimbo ya fuko Nambewe sankaidziwa, yakale ngakhale yatsopano, ankangogwedeza milomo maso ali pansi pa mlongoti kuona ngati alendo sakupondapo mosayenera. Nthawi ya chisankho chipani ichi chinkawabweretsera nsalu ya kapulana ya nkhope ya munthu wawo, chipani icho n'kubweretsanso yake, aliyense akuti mayiwa ndi athu. Iwo ankalandira zonse ndi manja awiri. Ankayanikapo ufa, ndipo ankati nkhope zonse zimaumitsa mofanana.

Tsiku la chisankho choyamba lija Zakeyo anali woyamba pamzere. Atatuluka anapita kwa amayi ake n'kuwaonetsa chala cha tinta, inki ya voti ija, iwo n'kuchigwira nthawi yaitali ngati akuyeza nsalu. Ine ndinawafunsa Nambewe kuti avotera yani. Anati olembetsa aja ananena kuti voti ndi chinsinsi, ndipo popeza chinsinsi chawo chachikulu anachiwononga pagulu, ichi chokha asunga. Anavota zisankho zonse, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti ndinkagona ndi chipani chiti m'nyumba.

Dimba linagawidwa pakati, malire ndi chulu chija mumachidziwa. Chaka chotsatira Zakeyo anakwatira amayi anu, mmodzi wa atsikana omwe ankasintha njira aja. Musawafunse, adzakana.

Amene anavutika kwambiri ndi Bonifasiyo. Anazindikira kuti Zakeyo akangotsokomola, mudzi wonse udzayang'ana iye. Ndiye palibe munthu anasamala thanzi la atate anu kuposa iyeyo. Akamva kuti ali ndi malungo, ankafika ndi uchi ife tisanadziwe n'komwe. Akamuona pa denga la nyumba akukhoma, ankaima pansi n'kumafuula kuti tsika bwino, mwana wa Tembo, ukagwa undipha. Ana ake omwe sankawafunsa kuti mwadzuka bwanji.

Patapita zaka a boma anabweretsa mlongoti wachitsulo n'kuthira simenti pansi. Nambewe anaimirira pomwepo tsiku lonse kuonetsetsa kuti amisiri sakukumba kupitirira pamene panali pakale. Ine ndinati tsopano mupume, simenti ilondera. Anati simenti ilibe maso, ndipo munthu wofunitsitsa amakumba cham'mbali. Anangokulitsa bwalo losesa.

Anamwalira m'chilimwe, iwe Lusiya unali utangoyamba shikola. Ndinkayembekeza kuti mawu omaliza akhala a ine, poti tinayenda limodzi maulendo onse aja. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Tsache lili kuseri kwa chitseko. Muzisesa chobwerera m'mbuyo." Ndimawasowa, ana inu. Palibe tsiku limene sindiwasowa.

Titamaliza maliro, madzulo ake ndinatenga tsache n'kupita. Ndinapeza pasesedwa kale, moipa, mizere yokhotakhota. Bonifasiyo anali atakhala pa simenti akupuma, tsache la mkazi wake lili pamwendo.

"Masiku a maliro ndinagwirizira ndine, a Tembo," anatero. "Sipanapondedwe."

Ndinamupatsa fodya wa m'kachitini. Anakayang'ana, anadziwa kuti ndi kati, koma anatapa ndithu. Kuyambira pamenepo tinkasinthana, iye lero ine mawa, mpaka nayenso anapita chaka chatha. Tinkavotera anthu osiyana, zimenezo ndikudziwa chifukwa iye chinsinsi sankachitha.

Musandifunse ngati ndimakhulupirira kuti munthu angafukule pamenepo n'kupweteka atate anu. Ine ndine wa mumpingo, ndipo atate anu ndi awo ali kudimba, mimba yatsogola, sadwala kupatula dzino. Kaya ndi Mulungu, kaya ndi tsache, sindinafune kuyesa kusiya kuti ndione.

Ndiye iwe Jowakimu, ukuti dziko lino silinakupatse kanthu. Mwina ukunena zoona. Msewu ndi womwe uja, mvula ikagwa timakhala pachilumba, ndipo mlatho wamva wekha. Inenso silinandipatse zambiri, linandipatsa dzenje loti ndikumbe ndi maina atatu. Koma pali mkazi wina amene anayenda ndi kachidutswa ka atate ako m'chiuno zaka zonse zija, kukana kukasiya m'dothi la eni, kenako n'kuulula chinthu chimene ankachiopa kuposa imfa, kuti iwe ukhale ndi kwanu kokana. Mkuja ukapita kapena osapita, ukachonga uyu kapena uyo, sindidzakufunsa. Agogo ako anandiphunzitsa kusafunsa.

Koma mawondo angawa afika pothera. Dzulo ndinapita, pobwerera ndinakhala pansi panjira mpaka mwana wa eni anandidzutsa. Dzuwa lapendeka, ndipo tebulo la mavoti adzaliika pabwalo lomwelo, anthu adzapondaponda. Tsache lili kuseri kwa chitseko. Amene atenge atenge, ine nditseka maso kuti ndisaone kuti ndani. Uyambire pa simenti, uzisesa chobwerera m'mbuyo.